MBIRI YA BAMBO WILL KEITH KELLOGG, 1860–1951

Ambiri a ife tidaliona dzina lakuti Kellogg's pa mabokosi a chakudya cha m'mawa m'masitolo akuluakulu, lolembedwa mofiira, lopendekeka ngati munthu wachita kulemba ndi dzanja. Ndi zoona, poyamba lidali dzina la munthu, losainidwa ndi dzanja lake. Mwini wake adali Bambo Will Keith Kellogg wa ku America. M'masamba ano tifuna kukufotokozerani mbiri yake, pakuti ndi munthu amene adadyetsa ana a maiko ambiri, koma m'nyumba mwake mwenimweni mudasowa mtendere.

Will adabadwa pa 7 April, 1860, m'tauni ya Battle Creek, m'chigawo cha Michigan. Atate ake a John Preston Kellogg adali ndi kafakitale kopanga masache, ndipo mai ake adali a Ann Janette. Banja lidali lalikulu ndithu, ana oposa khumi. Makolowo adali a mpingo wa Seventh-day Adventist, umene likulu lake lidali m'tauni momwemo pa masiku amenewo; ndiwo mpingo womwe uja udayamba ntchito pa Malamulo ku Thyolo m'chaka cha 1902. Popeza ankayembekeza kuti Ambuye abwera posachedwa, makolowo sadaike mtima kwambiri pa sukulu ya ana. Chimene adalimbikira ndi ntchito ya manja.

Pa sukulu Will sankakhoza. Aphunzitsi ankamuyesa mbuli chifukwa sankatha kuwerenga zolembedwa pa bolodi, ndipo kunyumba nako ankamuona ngati mwana wogona. Padalibe ndi mmodzi yemwe amene adaganiza zomupima maso. Adafika zaka 20 ndi pamene zidadziwika kuti mnyamatayo saona patali, ndi kuti chimene chinkasowa ndi magalasi chabe. Pamenepo nkuti sukulu atasiya kale. Ali ndi zaka 14 adali atayamba kuyenda m'midzi kugulitsa masache a atate ake, ndipo asanakwane zaka 20 adapita kutali ku Dallas, m'chigawo cha Texas, kukayang'anira fakitale ina ya masache. Ife amai tidziwa m'mene mwana amafotera akamanenedwa tsiku ndi tsiku kuti alibe nzeru. Will adakula wamanyazi, wosakonda kulankhula, wosaseka kawirikawiri, ndipo adakhala wotero kufikira ukalamba wake.

Mkulu wake John Harvey, amene adabadwa mu 1852, adali wosiyana naye kutalitali: wochenjera pakamwa, wokonda kuonekera. Atsogoleri a mpingo, a James White ndi akazi ao a Ellen White, adamuthandiza kuti aphunzire udokotala. Mu 1876, ali ndi zaka 24 zokha, adapatsidwa udindo woyang'anira kachipatala ka mpingo ka ku Battle Creek. Iye adakakuza nakatcha Battle Creek Sanitarium. Odwala a kumeneko sankaloledwa nyama, mowa, fodya, khofi kapena tiyi. Mankhwala ao adali kusamba m'madzi otentha ndi ozizira, kulimbitsa thupi, mpweya wabwino ndi zakudya za kumunda. Mbiri ya malowo idamveka, ndipo anthu olemera adayamba kubwera kuchokera kutali ndi matenda ao a m'mimba.

M'chaka cha 1880 Will adaphunzira kwa miyezi yowerengeka za kasungidwe ka mabuku a ndalama ku Kalamazoo, nakwatira Ella Davis, nalowa ntchito kwa mkulu wake. Apa ndi pamene tifuna muonetsetse. Ntchito yake idalibe dzina, chifukwa idali ntchito iliyonse: kusunga mabuku a ndalama, kuyankha makalata, kugula katundu, kumanga ndi kutumiza mabuku amene dokotala ankalemba, kumva madandaulo a odwala. Masiku ambiri ankagwira maola 15. Dokotala ankakonda kuyenda pa njinga, ndipo anthu ankaona mng'ono wake akuthamanga pambali pa njingayo, kabuku kali m'manja, kulemba zimene mkulu wake akulamula. Ankamumetanso ndevu ndi kumupukutira nsapato. Uyu sadali mnyamata wa ntchito ai, adali bambo wa banja lake, wa mimba imodzi ndi dokotalayo, ndipo malipiro ake adali ochepa. Adapirira zimenezi zaka zoposa 20. M'zaka zomwezo iye ndi mkazi wake adabala ana asanu naika awiri m'manda, wina mu 1889, wina mu 1895, ndipo otsalawo adakula osawaona kwenikweni atate ao.

Tsono chakudya chija chidayamba motere. Pa masiku amenewo kadzutsa wa anthu a ku America adali wolemera: nyama ya nkhumba ya mchere, mbatatesi yokazinga m'mafuta, kapena phala lofuna kukhala pa moto nthawi yaitali, kotero kuti mai wa pa nyumba ankayenera kulawirira kukoleza moto. Dokotala ankafuna chakudya cha mbeu chopsa kale, chosavuta kutafuna ndi kugayika m'mimba mwa wodwala. Khitchini yoyeseramo zakudya ankaiyang'anira ndi mkazi wa dokotala, nayenso dzina lake Ella, Ella Eaton Kellogg, mai wophunzira amene mu 1892 adatulutsa buku lalikulu la kaphikidwe lotchedwa Science in the Kitchen, ndiponso adalera ana a eni oposa 40 popeza iye sadabereke. Usiku, ntchito ya m'chipatala itatha, ankawiritsa tirigu ndi kumupitiriza pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira kuti apsinjike, koma ankangotuluka phala lomata. Tsiku lina mu 1894 tirigu wowiritsa adasiyidwa osakhudzidwa kwa maola ambiri. M'malo momutaya adamuika m'zitsulo zija, ndipo njere iliyonse idatuluka payokha, yopyapyala ngati tsamba. Chinsinsi chidali chakuti tirigu akagonera, chinyezi chimalowa mofanana m'njere yonse. Ataziotcha mu uvuni zidauma bwino, zokoma kukukuta.

Za amene adatulukira chinthuchi, aliyense ankasimba zake. Dokotala ankati nzeru idali yake, mothandizidwa ndi mkazi wake. Will ankati adagwira onse awiri, usiku ndi usiku. Koma chikalata cha boma chotsimikiza mwini wa lusolo, chimene chidatuluka mu 1896, chidali ndi dzina limodzi lokha, la John Harvey Kellogg. Chakudyacho adachitcha Granose.

Mu 1898 adayamba kuyesa chimanga. Poyamba sizinkakoma ndipo zinkaonongeka msanga, chifukwa kamtima ka chimanga kali ndi mafuta. Will ndiye adalimbikira zaka zingapo kufikira adapeza njira: kuchotsa gaga ndi kamtima kaja nkutsala ndi chimene ife timati mphale, kuiphika ndi chimera cha balere, mchere ndi shuga pang'ono, kuiumitsa, kuigoneka, kuipsinja kuti ipyapyale, kenaka kuiotcha. Kotero amai, zimene zili m'bokosi la Corn Flakes, zimene mtengo wake umatiopsa m'sitolo, ndi mphale yomwe ija ya mu mtondo mwathu, yangodutsa ku makina.

Mkangano udayamba pa zinthu ziwiri, malonda ndi shuga. Dokotala ankati chakudyacho ndi mankhwala a odwala ake. Ankachitumiza pa positi kwa amene adachira, koma kuchitsatsa ponseponse ankakuona ngati chinthu chonyozetsa udokotala wake. Ankalolanso alendo kuona m'mene zakudya zimapangidwira. Munthu wina dzina lake C. W. Post, amene adagonekedwa pa chipatalapo mu 1891, adatuluka nakayamba kampani yake m'tauni momwemo. Mu 1895 adatulutsa chakumwa cha tirigu chotchedwa Postum, mu 1897 chakudya chotchedwa Grape-Nuts, ndipo m'zaka zowerengeka adalemera kwambiri. Ena adatsatira, kufikira mu Battle Creek mudadzala timakampani makumi angapo ta zakudya za m'mawa. Will ankaona zonsezi ali pa desiki la mkulu wake. Shuga, dokotala ankamukana kwamtuwagalu nati amaononga thupi. Will ankati popanda shuga anthu abwinobwino, osadwala, sadzagula. Pa malonda mng'ono ndiye adalondola. Pa shuga tiona kutsogoloku kuti mkuluyo sankalakwa kwenikweni.

Pa 18 February, 1902, chipatala chidapsa ndi moto. Will, amene adali atatsimikiza kale zochoka, adakhalabe kuthandiza mkulu wake kupeza ndalama zomangiranso. Chibale ndi fupa, amatero akulu. Koma pa 19 February, 1906, atatsala pang'ono kukwana zaka 46, adatsegula kampani yakeyake, Battle Creek Toasted Corn Flake Company, ndi antchito 44. Dokotala adalola kupereka ufulu wopanga Corn Flakes, koma adatenga gawo lalikulu la masheya a kampaniyo. Tsono popeza adali woumira, adayamba kulipira ena a antchito ake a pa chipatala ndi masheyawo m'malo mwa ndalama. Will, mwakachetechete, ankawagula kwa antchitowo pang'onopang'ono, kufikira mkulu wake adadzidzimuka kuona kuti mwini mphamvu pa kampani ndi mng'ono wake uja wothamanga pambali pa njinga.

Munthu wamanyaziyu pa malonda adalibe mantha. Mu July 1906 adatenga ndalama zambiri mwa zochepa zimene adali nazo nagula tsamba lathunthu m'magazini ya amai yotchedwa Ladies' Home Journal, kupempha amai kuti akaumirize eni masitolo a kwao kuitanitsa chakudyacho. Adadziwa kuti wogula kadzutsa ndi mai. Mu 1907 ku New York adalengeza kuti mai amene akamutsinzinire diso mwini sitolo tsiku Lachitatu adzalandira kabokosi kaulere. Ife sitikadalangiza ana athu aakazi kuchita zotere, koma malonda a mu mzindawo adakwera koposa. Ndipo popeza otengera adachuluka, pa bokosi lililonse padasindikizidwa dzina lake losainidwa, kuti wogula adziwe lenileni. Pa 4 July, 1907, fakitale yake idapsa yonse. Phulusa lisanazizire adali atayamba kale kukonza za fakitale ina yosagwira moto, pafupi ndi njanji.

Chaka chomwecho cha 1907 maina a abale onse awiri adafafanizidwa m'kaundula wa mpingo wa makolo ao. Dokotala adali atasiyana ndi atsogoleri pa chiphunzitso ndi pa ulamuliro wa chipatala, ndipo Will naye adali atatalikira. Kenaka dokotala adayamba kugulitsa zakudya zake pa dzina lomwelo la Kellogg, anthu nkumasokonezeka. Mu 1910 Will adasumira mkulu wake ku khoti. Adagwirizana kwa kanthawi, mlandu nkudzukanso, ndipo udatha mu 1920 pamene bwalo lalikulu la Michigan lidagamula kuti pa malonda a zakudya zimenezi dzina la Kellogg ndi la Will. Taganizani, ana a bambo mmodzi kulimbirana dzina la atate ao pamaso pa oweruza zaka khumi. Kuyambira pamenepo sankayenderana, ndipo zikachitika kuti akumane, Will ankafuna pakhale munthu wachitatu womvera monga mboni.

Kampani yokha idakula osaima. Idafika ku Canada mu 1914, ku Australia mu 1924, ku Manchester m'dziko la England mu 1938, ndipo mu 1948 idatsegula fakitale ku Springs, pafupi ndi Johannesburg. Mu 1916 adatulutsa All-Bran, ya gaga wa tirigu, yothandiza odzimbidwa. Mu 1928 Rice Krispies, za mpunga, zimene zimathetheka zikathiridwa mkaka. Kuyambira 1922 dzina lidakhala Kellogg Company. Chimene chidagulitsa zonsezi, monga ife tionera, sikukoma kokha ai, koma kuti mai sankafunikanso kukoleza moto m'mamawa: kutsanula m'mbale, kuthira mkaka, mwana wadya, wapita ku sukulu. Pamene chuma cha America chidagwa ndipo anthu miyandamiyanda adachotsedwa ntchito, Bambo Kellogg mu December 1930 adasintha kagwiridwe ka pa fakitale. M'malo mwa magulu atatu ogwira maola 8, adaika magulu anai ogwira maola 6, kuti mabanja ena a mu Battle Creek apeze podyera. Ichi tiyenera kumuyamikira nacho.

Koma kunyumba kudali kwina. Mkazi wake Ella adamwalira mu 1912, chuma chitangoyamba kumene kubwera, atavutika naye zaka zonse za usiwa. Chaka chotsatira mdzukulu wake wamng'ono Kenneth, wobadwa kwa mwana wake wamkazi, adagwa kuchokera pa zenera la chipinda cha m'mwamba, napuwala moyo wake wonse. Agogo ake adali ndi ndalama zolipira dokotala aliyense, koma sadapeze chithandizo chokwanira, ndipo adayamba kudzifunsa kuti nanga makolo osauka amatani mwana wao akagwa chotere. Mwana wake wamwamuna John Leonard adagwira naye ntchito zaka zambiri, ndipo ndiye adadza ndi nzeru ya pepala la phula lokutira bokosi kuti chakudya chisalowe chinyezi. Koma atate ake ankamulondalonda pa chilichonse, ndipo mu 1925 adakangana, mwanayo nkuchoka pa kampani. Nkhalambayo idasankha mdzukulu, John wamng'ono, kuti ndiye adzalowe m'malo. Nayenso sadathe kukwaniritsa zofuna za agogo ake. Adachoka, malonda amene adayamba payekha sadayende, ndipo mu 1938 adadzipha asanakwane zaka 30. Ndi zowawa kulemba, koma goli limene Will adasenza kwa mkulu wake ndi lomwelo adaliika pa khosi la mwana wake ndi la mdzukulu wake.

Mu June 1930 adakhazikitsa bungwe losamala ana, limene lidatchedwa W. K. Kellogg Foundation, ndipo mu 1934 adalipatsa masheya a ndalama zoposa madola 66 miliyoni, gawo lalikulu la chuma chake. Ana ake adawasiyira zochepa, poopa kuti chuma cholandira chimaononga munthu. Bungwelo lidayamba ndi maboma asanu ndi awiri a kumidzi ku Michigan: kutumiza anamwino m'masukulu, kupima ana maso ndi mano, kumanga sukulu zabwino m'malo mwa tisukulu ta chipinda chimodzi, kugula mabuku atsopano. Mu Battle Creek mudamangidwa sukulu ya Ann J. Kellogg, dzina la mai ake, kumene ana olumala, osamva ndi osaona bwino ankaphunzira pamodzi ndi anzao, chinthu chachilendo pa masiku amenewo. Tikakumbukira kamnyamata kaja kosaona pa bolodi, ndi Kenneth, sitidabwa kuti ndalama zidalowera kumeneko. Iye sankafuna kungogawa zaulere, koma kuthandiza anthu kuti adzithandize okha. Patapita zaka zambiri iye atamwalira, kuyambira m'ma 1980, bungweli lidagwirako ntchito kuno kumwera kwa Africa, ndipo Malawi adali m'gulu la maiko amene lidafikako.

Zakudya zambiri zimene ana amalirira m'sitolo zidadza mwini dzina atapita kale. Frosted Flakes, zimene kwina amati Frosties, za chithunzi cha kambuku Tony, zidatuluka mu 1952. Special K mu 1955. Tambala wa pa bokosi la Corn Flakes adayamba kuoneka mu 1957. Pop-Tarts mu 1964. Shuga uja adayamba pang'ono adachuluka, kotero kuti mu Sugar Smacks, zimene zidatuluka mu 1953 zopangira ana, theka la kulemera kwake lidali shuga yekhayekha. Apa ndi pamene mau a dokotala adapherezera. Pambuyo pake kampani idalowa m'malonda a mabisiketi ndi zakudya zotolatola: idagula Keebler mu 2001 ndi Pringles mu 2012. Mu October 2023 idagawika pawiri, Kellanova ndi WK Kellogg Co. Mu 2024 kampani ya Mars idapangana zogula Kellanova, ndipo mu 2025 kampani ya Ferrero ya ku Italy idagula WK Kellogg Co. Chichokere Will pa mpando, palibe wa banja la Kellogg amene adaitsogoleranso.

Tibwerere kwa mwini wake. M'zaka za m'ma 1930 maso aja adayambanso kumuvuta, tsopano ndi matenda a glaucoma, ndipo zaka khumi zomaliza za moyo wake adali wakhungu, woyenda ndi galu womutsogolera. Ankakonda kuuza dalaivala wake kuti aimike galimoto pafupi ndi fakitale, iye nkukhala chete m'katimo, kumvera kulira kwa makina ndi kununkhiza fungo la chimanga chootcha.

Mu 1942 abale awiriwo adakumana komaliza, onse ali nkhalamba za zaka zoposa 80, ndipo adakangana maola angapo za chipatala chija. Dokotala adamwalira pa 14 December, 1943, ali ndi zaka 91. Chimene Will sadadziwe ndi chakuti mkulu wake asanamwalire adalembetsa kalata yaitali yopita kwa iye, yovomera kuti adamulakwira, yoyamika nzeru zake pa ntchito, yopempha kuti ayanjane. Mlembi amene adauzidwa kuitumiza adaona ngati kalatayo ikuchepsa ulemu wa dokotala, ndipo adangoisunga m'kabati. Idafika kwa Will mu 1948, mkulu wake atagona m'manda zaka zoposa zinai, ndipo popeza sankaona, adachita kumuwerengera munthu wina.

Chaka chomwecho adamwalira mkazi wake wachiwiri, Dr. Carrie Staines, amene adamukwatira mu 1918, ndipo mu 1950 adamwalira John Leonard. Bambo Will Keith Kellogg adatsikira kuli chete pa 6 October, 1951, nayenso ali ndi zaka 91. Adaikidwa ku manda a Oak Hill mu Battle Creek, manda omwewo kumene kudagona mkulu wake.